Ukawatchingire Mphepo, Esinati

Esinati mwana wanga,

Amene agwira cholembera ndi amayi ako, koma mawu ndi anga. Ukudziwa kuti dzanja langa linazolowera chiongolero cha njinga, cholembera chimandipulumuka. Takhala pansi pa mango uja wa kuseri kwa nkhokwe. Iwe wapita kukatsanzika azakhali ako ku Chipangali, ndipo wati ubwera dzuwa lisanalowe. Ine ulendo umenewo ndinkagona komweko, mawa lake n'kubwerera miyendo ili gwa. Iwe wangoti, "Ndikubwera, Atate," ngati ukupita kuchigayo.

Amayi ako akuti, "Inu atate ake a Esinati, yambani nkhani, basi ya ku Lusaka sidikira nkhalamba." Ndiyamba. Koma undilole ndiyende pang'onopang'ono monga ndimayendera.

Uli ndi funso limene unandifunsa Lamulungu, ine osakuyankha. Titatuluka m'tchalitchi, amalume ako a Sakala anakuimitsa pagulu. Amayi ako akuti ndisamutchule mlongo wawo, koma lembani basi, Nasakala, ananena ndi iwo. Anati, "Iwe katswiri, ndamva kuti ku Ulaya sukukapikisana ayi. Akuti ukukatengera azungu mabotolo a madzi, iwo n'kumawina. Nanga ngati n'kutunga madzi, osatunga pa mjigo pompano bwanji? Ndege ya chiyani?" Anthu anaseka. Nawenso unaseka, koma ine ndimakudziwa kuseka kwako.

Panjira pobwerera unati, "Atate, amalume sananame. Gulu limene landitenga lili naye kale wowina wawo. Ine ntchito yanga ikakhala kupalasa patsogolo pake, kumutengera madzi ku galimoto, ndipo tayala lake likaphulika, kumupatsa njinga yanga. Mukadzayang'ana pa foni, dzina langa mudzalipeza kumunsi kwa mndandanda wa opikisana. Kodi mudzachita nane manyazi? Mukati ndikhale, ndikhala. Kuno ndimawina."

Ine ndinangoti, "Hmm." Chichokereni tsiku limenelo sukudya bwino, ndipo amayi ako akuti chikwama wachilongedza n'kuchimasulanso. Sikuti ndinalibe yankho, mwana wanga. Yankho lake ndi lalitali, silikanakwana pakati pa tchalitchi ndi kunyumba. Ndiye nali. Kalatayi uyipeza pamwamba pa chikwamacho. Uwerenge yonse usanaganize chilichonse.

Pamene ndinayamba kunyamula makala kupita nawo m'tauni, ndinali ndisanakwatire. Masiku amenewo tinkanyamuka kuno ku Chiparamba pagulu, njinga iliyonse itasenza matumba mpaka mwini wake osaoneka ukamuyang'ana kumbuyo. Wamkulu wathu anali a Daka, munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wa njinga yakale yomanga ndi mphira. Panalinso a Zulu, apakamwa, amene sankatha kuona munthu osamupatsa dzina. Ukudziwa mphepo ya mwezi wa Ogasiti ikamachokera kum'mawa, mmene imakumenyera pachifuwa ukangolowa mu mseu waukulu. Munthu wa makala ndi khoma loyenda, mphepo imamugwira yense. Ndiye tinkandandalikana mzere umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, tayala pafupi ndi tayala. Wa patsogolo ndiye ankadya mphepo yonse. Akatopa ankaliza belu, n'kupatukira kumbali, wotsatira n'kulowa m'malo mwake. Koma malo oipitsitsa, pamene mseu uli pambalambanda popanda mtengo, patsogolo pankakhala a Daka. Nthawi zonse a Daka. Ndipo tikafika pa mtunda waukulu wolowera m'tauni, tinkatsika tonse, kugoneka njinga, n'kumakankha imodziimodzi, atatu pa njinga imodzi, mpaka zonse zitakwera.

Ine ndinaona kuti ndi kupusa. Ndinali ndi miyendo ngati yakoyo, ndipo ndinkati mumtima, mdala uyu amafika kumsika womaliza, atatopa, malo abwino anzake atatenga kale, nzeru zake zili kuti? Ndiye ndinkabisala kumbuyo ulendo wonse. Belu likalira kuti ndi nthawi yanga, ndinkanamizira kuti tcheni chikuvuta. Tikangomaliza kukankha pa mtunda, ine vuu, kukafika ku msika wa Kapata woyamba. A Zulu anandipatsa dzina loti Nkhupakupa. Ndinkaseka nawo, osamva.

Tsiku lina ndinati lero ngakhale kukankhako sindidikira. Ndinawasiya patali mtunda usanayambe, ndinaukwera ndekha nditaimirira pa mapedulo. Ndinafika pakati. Mwana wanga, katundu akaganiza zobwerera kumene wachokera, sapempha. Njinga inaima, tayala la kutsogolo linadzuka ngati mbuzi yokana chingwe, ndipo ine, njinga ndi makala tonse tinakapezeka mu ngalande. Matumba anang'ambika. Pamene anzanga ankafika anandipeza ndili bii, maso okha ndiwo oyera.

A Zulu anafuula, "Taonani, anzanga! Nkhupakupa yagwa pa ng'ombe! Tiyeni, tiyeni, tikamuuze make kuti wafika woyamba, mu ngalande!"

A Daka sanaseke. Anagoneka njinga yawo, n'kuti, "Tolani." Amuna akuluakulu anagwada m'mbali mwa mseu kutola makala anga limodzilimodzi, magalimoto akudutsa. Titamanganso matumba, a Daka anandiyang'ana n'kuti, "Mawa ukhala patsogolo kuyambira pa mphambano." Basi, mawu awo anali omwewo.

Mawa lake ndinadziwa kulemera kwa mphepo. Ndinkayesa kuti ndinali wamphamvu kuposa onse, osadziwa kuti mphamvu imene ndinkafika nayo kumsika inali ya a Daka. Ankandisenza tsiku lililonse, ine ndi makala anga omwe, popanda kundigwira. Usaiwale zimenezi, Esinati. Wofika woyamba amafika ndi miyendo ya anthu ena.

Utaye nthawi pang'ono umvenso ichi, chifukwa munthu akaphunzira chinthu mochedwa amachipitiriza muyeso. Nditachita manyazi aja ndinafuna kuonetsa kuti ndasintha. Ndinkakakamira patsogolo, osaliza belu, a Daka akuti patuka ine ayi. Tsiku lina ndinanyamuka osaika kanthu m'mimba. Tili pakati pa ulendo maso anachita mdima, miyendo inasanduka phala, ndinangokhala pansi m'mbali mwa mseu n'kumanjenjemera ngati wamalungo. Gulu lonse linaima chifukwa cha ine. A Daka anatulutsa mbatata yootcha m'thumba la jekete, n'kuti, "Idya. Wotchinga mphepo akagwa, amagwetsa onse a kumbuyo kwake." Ndiye kumeneko ukadye, mwana wanga. Ndamva kuti zakudya zawo n'zachilendo, zina zofinya m'kapepala ngati mankhwala otsukira mano. Ukadye zomwezo. Usakadikire njala, pa njinga njala ikafika imakhala yakupeza kale. Ndipo ukatopa ukanene. Kupatuka nthawi yake itakwana si ulesi.

Amayi ako aika cholembera pansi, akuti dzanja lawawa, ndiponso akuti, "Mwakamba za inu nokha, za mwana mukamba liti?" Akunena zoona. Tolani cholembera, Nasakala.

Za iwe ndimasowa poyambira. Unaphunzira kupalasa pa njinga yanga yomweyo ya makala, mwendo utaulowetsa pansi pa mtanda chifukwa pa chishalo sunkafika. Sindinaone chachilendo, ana onse amatero. Chachilendo chinabwera tsiku lija unabwera kuchokera kuchigayo ndi bambo wina akukutsatira pa njinga yopyapyala, atavala zothina, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati. Amayi ako anatenga mpini. Bamboyo anakweza manja n'kuti, "Pepani, amayi, sindine woipa. Ndine Mwale, ndimaphunzitsa achinyamata a mpikisano wa njinga m'tauni. Mwana wanuyu wadutsa anyamata anga onse pa mtunda, ali ndi thumba la ufa kumbuyo, atavala chitenje. Ndafuna ndione kumene amagona." Iwe unali utaima apo ukumasula thumba, osatuluka n'thukuta lomwe, ukudabwa kuti walakwa chiyani.

Kuyambira pamenepo ndaona zinthu zimene sindinkadziwa kuti munthu wobadwa m'nyumba mwanga angachite. Ndinanyamula njinga imene a Mwale anakubwereka, ndi chala chimodzi, yopepuka kuposa tambala. Ndinaona nsapato zako zomamatira ku mapedulo, n'kufunsa kuti nanga ukafuna kugwa umatsika bwanji, iwe n'kuti, "Sitifuna kugwa, Atate." Ndinakuona ukutsika mtunda womwe uja unandiponya mu ngalande, utawerama mpaka chibwano kukhudza chiongolero, ukudutsa minibasi, kondakitala atatulutsa mutu pawindo kukamwa kuli yasa. Ndinamva kulira kwa matayala ako ngati njuchi zikusamuka. Ndinagwira mtengo umene ndinaima pafupi nawo. Ndinati, Ambuye, uyu ndi yemwe uja ndinkamunyamula pa kaliyala atagwira malaya anga?

Kenaka unapita ku Lusaka n'kubwerako ndi malaya a mitundu ya mbendera, oti amavala ndi mmodzi yekha m'dziko lonse. Chaka chotsatira unakawatenganso. Unakwera ndege kukapikisana ndi a maiko ena a mu Africa muno, n'kubwera ndi mendulo imene amayi ako anaipachika pafupi ndi mtanda, ansembe atabwera kudzadalitsa nyumba anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mtandawo. Unagwa, fupa la paphewa n'kuthyoka, tinati basi zatha. Iwe bala lisanapole unali utamangirira njinga pa chitsulo m'khonde, ukupalasa pamalo amodzi, dzanja lili m'nsalu. Zonsezi ndinaziona, mwana wanga, ngakhale sindinanene zambiri. Pakamwa panga ndi pochedwa, maso ayi.

Koma pa mpikisano wako woyamba umene ndinaonerera, ndinachita zopusa, ndipo ukuzikumbukira. Unali m'gulu la a Mwale, pamodzi ndi Lute, mtsikana uja wamfupi wa ntchafu zazikulu. Munachoka m'tauni, kutsata mseu waukulu, n'kubwerera. Ine ndinakwera lole ya anthu oonerera. Ulendo wonse patsogolo panali iwe. Ena ankayesa kukudutsa, iwe kuwabweza. Ndinkamenya denga la lole ndikukuwa, "Ndi wanga uyo! Wa ku Chiparamba uyo!" Titayandikira pothera, mzere ukuoneka, ndinakuona ukucheuka, n'kupatukira kumbali. Lute anatuluka kumbuyo kwako ngati mwala wa pa legeni, n'kuwina. Iwe unafika pambuyo, ukupalasa mwaulesi, ukumwetulira.

Magazi anandikwera. Ndinatsika lole isanaime, kukawagwira a Mwale pa malaya. "Mwamuchita chiyani mwana wanga? Mwamuopseza? Kapena Lute uyu ndi m'bale wanu? Wakhala patsogolo kuyambira m'mawa!"

A Mwale anaseka mpaka kutulutsa misozi. Anati, "Mdala, ndisiyeni malaya, ndi okhawa. Mufunseni Lute amene wamuwinitsa."

Lute anali atakukumbatira, akulira. Iwe unabwera, kundikokera pambali kuti anthu asamve, n'kuti, "Atate, Lute ali ndi liwiro la pothera, ine ndili ndi mphamvu ya ulendo wautali. Tinapangana. Kumbuyo kwa munthu kulibe mphepo. Si inu munandiuza?"

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi. Zaka zonse zija ndili mu mzere wa a Daka, ndinalephera kuuzindikira mzere womwewo chifukwa choti unavala zonyezimira ndi zisoti. Ndinkayesa kuti zathu zija zinali nzeru za amphawi, zothandizira kufika kumsika basi. Osadziwa kuti kunja konse, mpaka kumene ukupitako, akatswiri a dziko lapansi amayenda ngati anthu a makala a ku Chiparamba. Usiku wa tsiku limenelo ndinauza amayi ako kuti a Daka akanaona zimenezi akanangoti, "Hmm," n'kupitiriza kupopa tayala.

Ndiye amalume ako ndisawaweruze kwambiri. Alakwitsa pamene ndinalakwitsa ine, kusiyana kwake n'koti iwo sanagwire munthu pa malaya.

Tsono tamvera ichi, chifukwa ndikuopa kuti ungamve mbali imodzi yokha. Sindikuti ukakhale wa patsogolo mpaka kukalamba osayang'anako mzere wothera. Tsiku lako lidzafika, ndipo likadzafika usadzachite ulemu. Pamene unabadwa, amayi ako anavutika, anawatengera ku chipatala chachikulu m'tauni. Uthenga unandipeza m'mawa titamanga kale makala, woti mwana wabadwa koma mayi sali bwino. Mphepo tsiku limenelo inali yoopsa. A Daka anati, "Masula matumba ako." Anagawana katundu wanga, aliyense kuonjeza pa wake. Anandiika kumbuyo kwenikweni kwa mzere, n'kuti ndisapalase patsogolo ngakhale pang'ono. Sindinaonepo anthu a makala akuthamanga chotero. Belu linkangolira, uyu kupatuka, uyu kulowa, a Zulu omwe osatulutsa liwu. Titafika patsinde pa mtunda onse anali atatheratu, ine ndili ndi mphamvu zanga zonse. A Daka anati, "Pita." Ine ndinatsika njinga, n'kuti ndithandize kaye kukankha, poti makala anga anali pa njinga zawo.

A Zulu anandiponyera khala. "Iwe Nkhupakupa, tafera chiyani ife? Masiku onse aja unkathawa osauzidwa, lero tikukuuza thawa ukuchita manyazi? Choka apa!"

Ndinakwera mtunda uja ngati palibe mtunda. Ndinawapeza amayi ako atatsegula maso, iwe uli pambali pawo, kankhonya utakunga. Amayi ako akuti ndisawonjezere, akuti ndinafika ndikununkha utsi mpaka anamwino anandithamangitsa kukasamba. Lembani zomwezo, n'zoona. Koma wamva, Esinati? Anzako akadzakutchingira mphepo n'kukuuza kuti pita, kuwalemekeza kwake n'kupita. Usadzacheuke.

Dzulo unandionetsa pa foni misewu ya kumeneko. Mapiri aatali oti pamwamba pake pali poyera ngati pathiridwa ufa, mseu ukukwera mokhotakhota ngati njoka yothawa moto, anthu atadzaza mbali zonse akukuwa. Ndinaona mzere wautali wa okwera njinga, ndipo patsogolo panali mtsikana wina nkhope itakwinyika, pakamwa pali pululu, akukoka anzake onse kukwera phiri. Kenaka anapatuka, n'kutsala, makamera n'kumusiya. Unati, "Ntchito yanga ndi imeneyo, Atate," ndi mawu aang'ono. Ine tulo sindinatipeze msanga. Osati chifukwa cha manyazi. Ndinkaganiza kuti pa atsikana onse a pansi pano, eni ake a gulu limene lakutenga anakhala pansi, kuyang'anayang'ana, n'kunena kuti amene angathe kusenza gulu lathu pa phiri ili ali ku Chiparamba, kuseri kwa nkhokwe ya mdala wa makala. Malo amenewo sapatsa munthu wofooka. Ife sitinkaika mwana patsogolo pa pambalambanda. Tinkaika a Daka.

Iwe unali wamng'ono pamene a Daka anamwalira, sungakumbuke. Analibe chuma, ana awo anali kutali. Tinkada nkhawa kuti maliro adzakhala a anthu ochepa. M'mawa wa tsiku loika tinangomva mabelu. Anthu a makala, a nsawa, a nkhuni, onyamula anthu m'tauni, ena ochokera mpaka ku Chipangali, ena oti sitinkawadziwa n'komwe. Njinga zinazungulira tchalitchi mpaka kusowa poimika. Aliyense ankati, "Anandikokapo mdala uyu, tsiku lakuti, mphepo itandikanika." Popita kumanda tinandandalika mzere umodzi, tikukankha njinga, bokosi lili patsogolo. A Zulu, misozi ili chuchuchu, anati, "Taonani, ngakhale lero wakana kukhala kumbuyo." Pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka kuti ankafika woyamba ku Kapata ndani.

Ndiye yankho langa nali, mwana wanga. Longedza chikwama, ndipo usachimasulenso. Pita. Ukawatengere madziwo, ukawatengere bwino, asakagwe botolo ndi limodzi lomwe. Ukawatchingire mphepo mpaka akadziwe kuti kumbuyo kwa Esinati munthu amapuma. Ukadye. Ukatopa ukapatuke. Akakuuza pita, upite. Potsika mapiri aja ukumbukire kuti amayi ako ali ndi mtima umodzi wokha. Lamulungu ukapeze tchalitchi ngakhale sukamva chinenero chawo, kugwada n'kumodzi.

Za amalume ako usade nkhawa, ndawakonzera kale. Tsiku la mpikisano wako woyamba ndidzawaitana kuno, tidzakhale pansi pa mango pano ndi foni ya amayi ako. Iwo adzafuna kuona pothera. Ine ndidzawakhazika kuyambira poyamba. Ukadzatulukira patsogolo pa mzere, mphepo ikukumenya, akatswiri a maiko onse atabisala kumbuyo kwako, ndidzaika chala pa galasi n'kuwauza kuti, "Alamu, werengani anthu amene mwana wa mlongo wanu wasenza." Dzina lako likadzatuluka kumunsi, ndidzawapempha andiwerengere mokweza, kawiri.

Belu la njinga yanga ndalimasula, lili m'thumba la m'mbali mwa chikwama. Ndikudziwa kuti pa njinga zanuzo simuika belu, akuti limalemera. Ukaliike pawindo.

Amayi ako akuti akuona fumbi kumseu, ndipo palibe wina amene amabwera ndi liwiro lotero. Dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Ku Chipangali, kupita ndi kubwera! Pindani kalatayo msanga, Nasakala.

Ndine atate ako,
amene a Zulu amawatchabe Nkhupakupa mpaka lero.